Dirilu ya batire ndi auger yoboolera ayezi: yankho kwa m'bale wathu wa ku Minnesota

Imelo ya sabata ino yachokera kwa bambo wina yemwe anasamukira ku Minnesota chaka chatha. Anzawo akuntchito anawatenga kukawedza panyanja youndana, basi zinawalowa m'magazi. Akufunsa kuti: "Anzangawa ena amaboola ayezi ndi makina a petulo, ena amangomangirira auger, chida chopiringizika chokhala ndi mipeni kunsonga, ku dirilu ya batire. Ine ndili ndi kadirilu komwe ndimakhomera mashelefu. Kangathe? Ngati ayi, ndigule chiyani kuti ndisataye ndalama?"

Achimwene, kadirilu ka mashelefu kaja kasiyeni kunyumba. Kaboola bowo limodzi kapena awiri, kenako mumva fungo la waya wopserera. Koma maganizo ogwiritsa ntchito dirilu ndi abwino, ndipo kwa munthu wongoyamba ngati inu ndi njira yomwe ndingakulangizeni. Makina a petulo amalemera, amanunkha, ndipo kukazizira kwambiri amavuta kulira. Chinanso, ayezi akasungunuka mumangowaika pakona mpaka December, pamene dirilu imagwirabe ntchito zapakhomo chaka chonse. Ndiye ndalama zambiri ziikeni pa dirilu ndi batire, osati pa kukula kwa bowo.

Tiyambe ndi diriluyo. Ikhale ya 18V, ya mtundu womwe pabokosi amalemba kuti brushless, ndipo pakamwa pake, pomwe amati chuck, pakhale pachitsulo pa theka la inchi. Mukaona DeWalt yolembedwa 20V Max musaganize kuti yaposa Milwaukee kapena Makita za 18V. Mkati mwa batire ndi chimodzimodzi, kungoti DeWalt amalemba mphamvu yomwe batire limasonyeza likangodzaza kumene. Nambala yofunika kuiyang'anitsitsa ndi ya mphamvu yopotokola, torque. Opanga K-Drill amati isatsike pa 725 inch-pounds, yomwe ndi 82 Nm mwapafupifupi. Milwaukee M18 Fuel ya nambala 2904 imafika 1,400, n'chifukwa chake mumaiona m'manja mwa asodzi ambiri kumeneko. Musasokoneze ndi impact driver, kamakina kafupi komenya ti-ti-ti kaja. Kameneko ndi komangira masikuluwu, ndipo kamawononga auger.

Chogwirira cham'mbali chomwe chimabwera m'bokosi, chomwe ambiri timachitaya mukabati, apa ndiye ntchito yake. Mipeni ya auger ikangotsala pang'ono kutulukira kumadzi, nthawi zina imakodwa. Auger imaima, mphamvu yonse n'kubwerera ku dirilu, ndipo imakupotolani dzanja musanaphethire n'komwe. Anthu amabinya manja pamenepa. Gwirani ndi manja awiri, tangadzani miyendo, ndipo mukamva kuti pansi payamba kufewa musakankhe. Ikani giya wani, chozungulira cha kutsogolo chiloze pa chizindikiro choboolera, osati pa kanyundo. Giya thu imathamanga, inde, koma imatenthetsa injini ndi kumaliza batire msanga. Ena amagula Clam Drill Plate, chitsulo chokhala ndi zogwirira ziwiri chomwe dirilu imamangidwapo. Chimawonjezera kulemera pang'ono, koma ngati manja anu sali olimba kwenikweni, n'chothandiza.

Batire likhale la 5Ah, nambala yosonyeza kuchuluka kwa mphamvu yomwe limasunga, ndipo akhale awiri. Kuzizira kumalifoola, ndiye mukamaliza kuboola lichotseni n'kuliika m'thumba lam'kati mwa jekete. Mukafika kunyumba lisiyeni liyambe lafunda musanalitchaje, chifukwa batire la lithium limawonongeka likatchajidwa kuzizira kuli pansi pa madigiri 0 a Celsius.

Tsopano pa auger, pamene anthu ambiri amalakwitsa pofuna kuoneka ngati akatswiri. Amathamangira ya mainchesi 8 poganiza kuti kusiyana ndi ya 6 ndi mainchesi awiri okha. Werengani bwino: 8 kuchulukitsa ndi 8 ndi 64, pamene 6 kuchulukitsa ndi 6 ndi 36. Bowo la 8 limafuna kudula ayezi wochuluka pafupifupi kawiri, ndipo batire limadziwa zimenezo ngakhale inu musadziwe. Nsomba zomwe mudzayambe nazo m'nyanja zing'onozing'ono zapafupi ndi Minneapolis ndi bluegill, crappie ndi perch, zambiri zosaposa chambo chapakatikati, ndipo zimatuluka bwinobwino pa bowo la 6. Nsombazi zimayendayenda m'magulu, choncho wopha zambiri ndi amene amaboola mabowo ambiri n'kumazitsatira. Bowo la 8 lidzafunika mukadzayamba kulondola walleye wamkulu ndi northern pike ku nyanja zazikulu za Mille Lacs kapena Lake of the Woods. Kumpoto kumeneko, pofika mwezi wa March ayezi amatha kukhuthala mpaka auger n'kuperewera, ndiye pamafunika chitsulo chowonjezera kutalika. Zimenezo ndi za m'tsogolo.

Mipeni ilipo ya mitundu iwiri. Ina ndi yosalala, yakuthwa kwambiri, imapala ayezi mwachangu komanso sidya batire. Imeneyi ndi monga ya StrikeMaster Lite-Flite. Vuto lake ndi lakuti siifuna mchenga. Pamene padutsa magalimoto, kapena pafupi ndi gombe pomwe mphepo yamwaza dothi, bowo limodzi lokha litha kuibunthitsa, ndipo ikabuntha imangozungulira pamwamba osalowa. Ina ndi ya mano, ngati ya K-Drill, yomwe imaswa ayezi tizidutswatizidutswa. Imachedwerapo, koma imapirira dothi ndipo imatsegula bwino bowo ladzulo lomwe laundananso usiku. Ngati mudziwedza m'kanyumba ka anzanu komwe mabowo ake ndi omwewo tsiku ndi tsiku, tengani ya mano. Ngati ndinu woyenda wapansi pa ayezi wopanda dothi, ya mipeni yosalala ikukwanirani.

Kanthu kena koti muonetsetse m'sitolo: auger ikhale ndi choiletsa kumira. Chuck imamasuka pang'onopang'ono, makamaka mukamabweza dirilu m'mbuyo pofuna kukankhira zinyenyeswa pansi, ndipo tsiku lina mudzangoona auger yatsetsereka m'bowo. K-Drill ili ndi choyandamitsa, Eskimo Pistol Bit ili ndi kambale kumtunda kotambalala kuposa bowo. Ngakhale zili choncho, zolowerani kumangitsa chuck mukangoboola mabowo angapo. Ndipo chivindikiro cha mipeni chibwezeretseni nthawi iliyonse mukamaliza. Mipeni imeneyi imadula golovesi ndi chala chomwe.

Simunafunse za chitetezo, koma sindingakutumizeni pa ayezi osanenapo. Nthambi ya boma la Minnesota yoona zachilengedwe, DNR, imati munthu wapansi asakwere pa ayezi wosakwana mainchesi 4, omwe ndi masentimita 10, ndipo apa akunena ayezi watsopano woonekera mkati. Ayezi woyera ngati mkaka, wosakanikirana ndi chipale chofewa, mphamvu yake ndi pafupifupi theka, ndiye muyezowo muuwirikize. Nyanja imodzi yomweyo siundana mofanana: pamene palowera mtsinje, pafupi ndi mlatho kapena pamabango pamakhala popyapyala. Boolani pafupi ndi gombe, yezani ndi tepi, yendani pang'ono, boolaninso. Pakhosi pakhale tizisonga tiwiri tija ta chingwe togwirira pa ayezi munthu akagwera m'madzi, ndipo laisensi yowedzera muigule musanapite.

Ndikanakhala inu ndikanagula dirilu yamphamvu ya kampani yomwe anzanu akuntchito ali nayo kale, kuti batire likatha pakati pa nyanja muzitha kubwerekana, mabatire awiri a 5Ah, ndi auger ya mainchesi 6. Ya 8 mudzabwereke kaye kwa anzanuwo tsiku lomwe adzakutengereni ku Mille Lacs.