Manambala a pachikalata cha munda akukana pa Google Maps

Mayi wina wothandiza gulu la alimi a mbatata ya kachewere kufupi ndi Ulónguè, ku Angónia, wandilembera imelo. Akuti pachikalata cha DUAT (chikalata cha boma chopereka ufulu wogwiritsa ntchito malo) cha munda wa gululo pali manambala awiri aatali, wina woyamba ndi 6, wina ndi 8, ndipo akawalemba pa Google Maps sipatuluka kanthu. Akufunsa ngati chikalatacho n'chachinyengo.

Mayi, mtima ukhale pansi. Manambala anuwo ndi a UTM, njira yolozera malo yomwe imagawa dziko lapansi m'mazoni n'kuwerenga m'mamita, pomwe Google Maps imafuna madigiri a muyeso wotchedwa WGS 84, omwenso GPS ya m'foni imagwiritsa ntchito. Chigawo cha Tete chili mu zoni 36 ya kummwera, yoyambira pa madigiri 30 mpaka 36 kummawa. Mzere wapakati, wa madigiri 33, anaupatsa 500,000, ndiye Ulónguè pokhala kummawa kwake nambala yake imayamba ndi 6. Yoyamba ndi 8 ija amawerenga chotsika kuchokera pa 10,000,000 ya pa equator.

Pakompyuta tsegulani Google Earth Pro, mulowe pa Ferramentas, kenako Opções, musankhe Universal Transversa de Mercator. Koma apa samalani. Pulogalamuyi ikufunsani zoni ndi chilembo, ndipo ku Angónia ndi 36 L, mumzinda wa Tete ndi 36 K. Mukalemba 36 S poganiza kuti S ndi kummwera, munda wanu sukatulukira pamalo pake, chifukwa 36 S ndi dera la kumpoto kwa equator, cha ku Turkey.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi datum, muyeso wa dziko umene manambala a pamapu amayambirapo. Mapu akale a Mozambique anajambulidwa pa datum yotchedwa Tete, yomwe inatengera muyeso wa dziko wa Clarke 1866. Ya masiku ano, Moznet, imagwirizana ndi WGS 84. Nambala imodzimodzi ikawerengedwa pa datum yolakwika, kadontho kamagwa m'mudzi mwanu momwemo, mpaka inu n'kukhulupirira, chonsecho kasuntha mamita okwanira kulowetsa malire anu m'mizere ya mnansi. Mikangano ya malo imayamba ndi zoterezi. Choncho yang'anani m'munsi kapena m'mphepete mwa chikalata pamene alemba datum. Ngati sanalembe, musaganizire nokha, kafunseni ku ofesi ya Geografia e Cadastro. Mapu ochokera ku Dedza kapena Ntcheu nawo akhoza kukhala a Arc 1950, musawasakanize ndi anu.

Mukaidziwa datum, sinthani manambalawo kukhala madigiri pa tsamba la intaneti la epsg.io kapena mu pulogalamu ya mapu ya QGIS, posankha nambala ya EPSG, yomwe imaimira mtundu wa muyeso. Tete ya zoni 36 ndi EPSG:2736, Moznet ndi 3036, UTM ya WGS 84 ndi 32736, ndipo madigiri a Google Maps ndi 4326. Mu QGIS, nambala ya pakona ya m'munsi kudzanja lamanja imangosintha kaonekedwe ka mapu. Kuti manambala a fayilo asinthe zenizeni, muisungenso mwatsopano mutasankha EPSG yomwe mukufuna.

Polemba madigiri pa Google Maps, yambani ndi akummwera okhala ndi kamzere kochotsera, ndipo m'kati mwa nambala ikani kadontho osati chizindikiro cha koma (,) monga tinazolowera m'Chipwitikizi: Ulónguè ili cha pa -14.72, 34.36. Zikatuluka, pitani kumundako ndi mfumu ndi eni minda yoyandikana, mukaime pa mwala wa malire umodzi, muone ngati foni ikuvomereza musanasainire chilichonse.