Kodi galimoto yodzaza siterereka pakona?

Achimwene ena a ku Namwera, omwe angotenga kumene laisensi, andilembera imelo. Akufunsa chifukwa chake msewu umapendekekera mkati pamakona ena, komanso ngati n'zoona zimene anamva pa depoti ya minibasi ku Mangochi, zoti galimoto yodzaza katundu siterereka pokhota.

Achimwene, zapadepotizo musazimvere, zingakupheni.

Galimoto ikamathamanga imangofuna kulunjika kutsogolo, monga Isaac Newton anafotokozera mu 1687. Kuti ikhote, pamafunika mphamvu yoikokera mkati mwa kona. Msewu ukakhala wathyathyathya, mphamvu yonseyo imachokera pomwe matayala agwira phula, ndipo pa tayala lililonse malowo ndi aakulu ngati chikhatho chanu basi. Katundu amakanikizadi matayala pansi n'kuwagwiritsa kwambiri, koma katundu yemweyo amawonjezeranso mphamvu yofunika kuti galimoto ikhote, pa mlingo wofanana. Palibe phindu. Choipa n'chakuti matumba a usipa kapena chimanga akasanjikidwa pamwamba, galimoto imatha kugubuduzika isanayambe n'komwe kuterereka.

Chimene chimandidetsa nkhawa ine ndi liwiro. Mukathamanga kuwirikiza kawiri, mphamvu yofunika pakona imawirikiza kanayi, osati kawiri. Titenge kona yomwe ili gawo la bwalo lotalika mamita 50 kuchokera pakati kufika m'mphepete. Phula likakhala louma, matayala abwino amaleka kugwira cha pa makilomita 65 pa ola. Mvula ikagwa, cha pa 50. Mchenga umene madzi amakokolera pamsewu kuno kunyanja umatsitsanso pamenepo, ndipo matayala osalala ndiye osanena.

Kupendekeka mwafunsako n'kwadala. Akatswiri amakweza mbali yakunja ya kona kuti msewu womwewo uzikankhira galimoto mkati, matayala n'kupepukidwa ntchito. Koma pamisewu wamba kupendekekako ndi kwa madigiri ochepa chabe, ndipo anakuwerengera liwiro lina lake. Mukalipitirira, ntchito yonse yowonjezerayo igwera matayala.

Inuyo mumatsika phiri la pakati pa Namwera ndi Mangochi, pomwe makona amangotsatizana. Tayala likatanganidwa ndi buleki, kugwira kotsalira kukhotera kumachepa. Choncho ikani giya yotsika mukadali pamwamba, pondani buleki msewu ukadali wowongoka, kenaka lowani m'kona mutachepetsa kale liwiro, chiwongolero mukuchipinda pang'onopang'ono.