Mwana akadwala ali m'sitima ya pamadzi

Achemwali, mwati mwana wanu amene akugwira ntchito m'sitima ya alendo yonyamukira ku Durban ija wayamba kusanza ndi kutsegula m'mimba limodzi ndi anzake, ndiye mukusowa mtengo wogwira poti inu muli kuno ku Nchalo. Mtima m'malo kaye.

Kawirikawiri m'masitima amenewa imakhala norovirus, kavairasi kofala msanga zedi chifukwa anthu ambirimbiri akudyera malo amodzi, kugwira zitseko zomwezo, matoileti omwewo, kumbukirani mmene tinkathithikanira m'makampu muja itadutsa Freddy mu 2023, basi ndi chimodzimodzi. Kamaonekera pakadutsa maola 12 mpaka 48 munthu atakatenga, ndipo ambiri amapeza bwino pasanathe masiku 3.

Muuzeni pa WhatsApp asabise ayi poopa mabwana, apite kwa dokotala wa m'sitimamo, akamuuza kuti abindikire m'chipinda amvere. Ma antibayotiki pamenepa sagwira. Nkhani yaikulu ndi madzi m'thupi, azimwa ORS, ngati Thanzi yathu ija, pang'onopang'ono olo akusanza, ikasowa asungunule masupuni ang'ono 6 a shuga ndi theka la kasupuni ka mchere mu lita imodzi ya madzi abwino.

M'manja azisamba ndi sopo, sanitaiza payekha kavairasi kameneka sakagonjetsa bwino. Ngati ali kukhitchini asagwire chakudya cha anthu mpaka patadutsa masiku 2 atachira. Koma akaona magazi pochita chimbudzi, chizungulire, kapena mkodzo wasiya kubwera, abwerere kwa dokotala pompo olo pakati pausiku.