UPS ya mabatire akunja pa kompyuta ya magemu: yang'anani chaja musanagule mabatire

Achimwene, mwati kompyuta yanu ili ndi PSU (bokosi logawa magetsi mkati mwa kompyuta) ya 850 W ndi khadi ya zithunzi ya RTX 4070, ndipo mukufuna kuti magetsi akathima muzisewerabe kwa maola awiri. Mwafunsanso ngati zingatheke kungogula UPS (chipangizo cha batire chopatsa kompyuta mphamvu magetsi akathima) yaing'ono n'kuimangirira mabatire akuluakulu. Zimenezo musayese, chifukwa chake ndichinena. Koma tiyambe ndi kukula kwa UPS, poti ambiri amasokonekera pomwepa.

850 W yolembedwa pa PSU ndi malire a mphamvu imene ingapereke, si imene kompyuta ikudya. RTX 4070 imakoka pafupifupi 200 W. Mukaphatikiza purosesa, mafani, monita ndi rauta, pakhoma mupeza 400 mpaka 450 W gemu ikafika pothina. Musangodalira nambala yangayi. Pezani kamita kopulaga pasoketi, mutsegule gemu yolemera kwambiri imene muli nayo, musewere mphindi 20 mukuyang'ana pamene nambala ikufika. Pa nambalayo onjezerani gawo limodzi mwa magawo atatu, chifukwa makhadi amakono amadumpha mwadzidzidzi kwa kanthawi kochepa zedi koti kamita sikaona, pamene UPS imamva n'kulira kuti yalemedwa.

Pabokosi la UPS amalemba VA (muyeso wina wa mphamvu, wosiyana ndi W) ndi zilembo zazikulu, W n'kuibisa pakona. Inu werengani W. UPS ya 1500 VA ina imapereka 900 W, ina 1200 W. Kwa inu chilichonse choyambira 900 W chikwana, ndipo mukadzasintha khadi simudzagulanso. Dziwaninso kuti mabatire akunja amawonjezera nthawi basi. UPS ya 600 W ikhalabe ya 600 W ngakhale muimangirire mabatire khumi.

Chachiwiri, UPS ikhale ya pure sine wave, yotulutsa magetsi osalala ngati a pakhoma. Ma PSU abwino a masiku ano ali ndi active PFC, gawo lowongolera kakokedwe ka magetsi, ndipo ena sagwirizana ndi magetsi odumphadumpha a UPS zotchipa, zolembedwa simulated kapena stepped. Chizindikiro chake n'chakuti magetsi akangothima PSU imayamba kulira ngati njuchi, kapena kompyuta imazima nthawi yomweyo pomwe UPS ikuoneka kuti ili bwinobwino. Apa chenjerani ndi APC Back-UPS Pro BR1500G: imalandira paketi ya mabatire akunja, inde, koma magetsi ake pa batire ndi odumphadumpha aja.

Pa mtundu wa UPS, line-interactive, imene imapatsira kompyuta magetsi a pakhoma mpaka atathima, ikukwanirani. Imasinthira ku batire m'mamilisekondi osapitirira 10, pamene PSU yabwino imatha kudzigwira cha m'ma 16. Ya online, imene nthawi zonse imadzipangira magetsi opita ku kompyuta, siidukiza n'komwe, koma fani yake imazungulira usana ndi usiku, ndipo nayonso imadya magetsi ake. M'chipinda chogona idzakutopetsani. Itengeni pokhapokha ngati magetsi anu amakwera n'kutsika pafupipafupi, kapena mumayatsa jenereta.

Tsopano nkhani ya ka UPS kakang'ono kaja. Kanapangidwira batire ya 7 kapena 9 Ah (muyeso wa kukula kwa batire), kuti kagwire mphindi zisanu kapena khumi, musunge ntchito n'kuzimitsa. Zambiri zoterezi zilibe fani. Wopanga anawerengera kuti batire itha thiransifoma isanatenthe. Mukaikapo 100 Ah, chimene chimakaletsa kupsa mwachichotsa. Kakagwira nthawi yaitali pulasitiki itha kuyamba kununkha, kenako ma MOSFET, timaswitchi ta mkatimo, n'kuphulika. Vuto lina ndi chaja. Chaja ya mkatimo imapereka pafupifupi 1 A. Batire ya 100 Ah itatsika theka imafuna 50 Ah, ndiye kuti maola oposa 50. Magetsi akathimanso mawa lake, batire imayambira pa njala, ndipo batire ya mtovu yokhalitsa yosadzaza imauma mapuleti n'kufa pa miyezi yochepa. Pamwamba pa izi, mu UPS zina mawaya a batire sanalekanitsidwe ndi magetsi a pakhoma. Mukawatulutsa kunja, kugwira mutu wa batire kutha kukugwedezani koopsa.

Njira zolondola zilipo ziwiri. Yoyamba ndi UPS yokhala ndi soketi ya paketi ya mabatire ya wopanga yemweyo, monga APC Smart-UPS X 1500, imene imagwira pa 48 V, kapena Eaton 5PX ndi mapaketi ake a mabatire otchedwa EBM. Mumangolowetsa pulagi, fyuzi ilimo kale, ndipo UPS imawerengera bwino nthawi yotsala. Kuipa kwake, mkati mwa mapaketiwo muli timabatire ting'onoting'ono, ndiye kuti mufike maola awiri pa 450 W mungafune mapaketi angapo, ndalama n'kuthera pamenepo. Yachiwiri ndi UPS yolembedwa long-run, yobwera yopanda batire koma ili ndi fani ndi chaja yaikulu, kapena inveta (chosintha magetsi a batire kukhala ngati a pakhoma) yokhala ndi chaja. Pa maola awiri, ine ndikulozerani yachiwiriyi. Mukatenga inveta, ilowetseni pa UPS mode. Pa mode inayo imachedwa kusintha, mwina mamilisekondi 20, ndipo kompyuta imayambiranso.

Masamu a mabatire ali motere. 450 W kwa maola awiri ndi 900 Wh. Inveta imataya gawo lina ngati kutentha, choncho ku batire muchotsa pafupifupi 1,060 Wh. Batire ya mtovu, kaya ya mtundu wa AGM kaya wa gel, musamaitsitse kupitirira theka ngati mukufuna ikhalitse, ndiye mufunika 2,100 Wh. Mabatire awiri a 12 V 100 Ah olumikizidwa motsatizana, pulasi ya ina ku mainasi ya inzake, amapereka 24 V ndi 2,400 Wh. Papepala zakwana, koma pang'onong'ono. 100 Ah ija amaiyeza potulutsa 5 A kwa maola 20, pamene inu muzikoka 22 A, ndipo mtovu ukakokedwa mwamphamvu umapereka zochepa. Maola awiri afika, koma muzidutsako theka lija. Ngati magetsi amathima tsiku ndi tsiku, kwerani pa 150 Ah.

Chaja ikhale ya ma A okwana gawo limodzi mwa magawo khumi a batire: 10 A pa 100 Ah. Ikatero, theka lija limabwerera pa maola 6 kapena 7. Nambala imeneyi ifuneni pa pepala la UPS musanapereke ndalama. Ikasowa, ganizirani kuti chajayo ndi yaing'ono.

Batire ya galimoto ayi. Inapangidwira kulizira injini masekondi ochepa, mapuleti ake ndi opyapyala, ndipo ya madzi imatulutsa mpweya wa haidrojeni potchaja.

Batire ya lithiamu ya LiFePO4 ndi yabwino kuposa mtovu ngati thumba likulola: ya 25.6 V 50 Ah ili ndi 1,280 Wh, ndipo mutha kudya pafupifupi yonse. Koma igwirizane ndi chaja imene mungaisinthe mavoti. UPS yopangidwira mtovu imasokonezeka nayo, chifukwa mavoti a lithiamu satsika pang'onopang'ono. Sikirini imaonetsa kuti batire ikadalipo, kenako BMS, kabolodi koteteza batire komwe kali mkati mwake, imadula mosachenjeza. Onaninso kuti BMS ikulola ma A amene UPS ingakoke, ndiponso ngati wopanga amalola kulumikiza awiri a 12.8 V motsatizana.

Pa kulumikiza musaumire. UPS ya 1000 W pa 24 V ikadzazidwa imakoka 50 A kapena kuposerapo. Gwiritsani waya wa kopa wa 16 mm², wosapitirira mita imodzi ndi theka, wokhala ndi malagi (tizitsulo ta kumapeto kwa waya) ofinyidwa bwino, osati zopanira zija za pagalimoto. Pafupi penipeni ndi mutu wa pulasi ikani fyuzi ya DC ya 63 A. Buleka ya AC ya m'nyumba siizimitsa bwino moto wa DC. Mabatire akhale a mtundu umodzi, kukula kumodzi, ogulidwa tsiku limodzi, ndipo iliyonse itchajidwe payokha musanawalumikize. Wakale akasakanikirana ndi watsopano, wofookayo amatsika msanga n'kukokera mnzake pansi. Aikeni pomwe mphepo imadutsa, kutali ndi kumbuyo kwa kompyuta kotuluka mpweya wotentha, poti kutentha kukakwera ndi 10 °C pamwamba pa 25 °C moyo wa batire ya mtovu umadulidwa pakati.

Purintala ya leza, hita ndi ketulo zisayandikire UPS. Chingwe cha USB chilumikizeni, muike pulogalamu ya PowerChute ngati UPS ndi ya APC, kuti kompyuta izizima yokha batire isanatsike kwambiri. Magetsi akathima, tsekerani gemu pa mafulemu 60 pa sekondi. Khadi imatsitsa kudya kwake kwambiri ndipo nthawi imatalika.

Zonse zikalumikizidwa, siyani zitchaje usiku wonse. M'mawa tsegulani gemu yolemera ija, muzimitse switchi ya pasoketi, osazula pulagi kuti waya wa ethi ukhalebe wolumikizika. Werengani nthawi, ndipo pakatha mphindi 30 gwirani pa chikopa cha mawaya a batire pafupi ndi malagi. Akafunda pang'ono palibe kanthu. Akatentha, zimitsani, mumangenso malagiwo kapena musinthe waya.