Ifenso tinadutsamo ndi mayi athu

Achemwali, kungoona mwalemba zoti CT (sikani younika mkati mwa mutu) ya bambo anu yaonetsa kashiamu mu ubongo, mtima wanga wangoti myuu. Mayi anga zinawayamba ali ndi zaka 46. Kumangolira popanda chifukwa, kenako dzanja lamanja kunjenjemera, kuyankhula ngati munthu woledzera chonsecho mowa sanaulawepo. Dokotala woyamba anatipatsa mphindi zisanu basi, akuti ndi matenda a maganizo, n'kuwalembera haloperidol.

Patatha masabata awiri ndinawapeza m'bafa m'mamawa atagwa chammbali, thupi lonse lili gwa ngati thabwa, khosi litapindikira kumodzi, dovu chuchuchu, maso ali pa ine koma mawu osatuluka. Ndinkayesa kuwadzutsa, akundipulumuka chifukwa cha sopo, ine ndikukuwa ndekha m'nyumba. Titabwerera kwa dokotala uja, osadzuka n'komwe pampando, akuti akuchita dala mayiwa, tiwonjezere mankhwala. Dala! Munthu wosatha kumeza malovu ake omwe. Mpaka lero ndikamukumbukira bambo ameneyo ndimanjenjemera. Pambuyo pake tinamva kuti mankhwala a mtundu umenewo amatha kuumitsa thupi kwambiri kwa anthu a vutoli.

Dokotala wina wa ubongo ndi minyewa ndiye anatumiza CT, n'kupeza kashiamu mbali zonse ziwiri, malo aja amati basal ganglia, oyendetsa kayendedwe ka thupi. Akuti matenda a Fahr. Magazi anali bwinobwino, vuto linali jini ya SLC20A2, yomwe imanyamula mchere wina wa m'thupi wotchedwa fosifeti kulowetsa m'maselo. Imeneyi ikakhala mwa kholo limodzi, mwana aliyense ndi theka ndi theka kuitengera. Ziliponso jini zina, PDGFB, PDGFRB ndi XPR1, zoyenda chimodzimodzi, pomwe MYORG ndi JAM2 zimafuna kuti utengere kwa makolo onse awiri. Chodabwitsa, amalume anga ali nayo jiniyo, sikani yawo yoyera mbee ngati ya mayi, koma akuyenda njo, alibe chizindikiro ngakhale chimodzi.

Ndiye musayambe kulira maliro. Choyamba bambo anuwo awayeze magazi, kashiamu, fosifeti ndi PTH (homoni yochokera ku parathyroid, tiziwalo ta m'khosi toyang'anira kashiamu m'magazi), chifukwa vuto la parathyroid limaoneka chimodzimodzi pa sikani ndipo lili ndi chithandizo. Achikulire ambiri amakhalanso ndi timadontho tochepa ta kashiamu topanda vuto. Ngati ndi Fahr wa kumtunduyu, mankhwala osungunula kashiamuyo kulibe, amangochepetsa kunjenjemera, khunyu, mutu ndi kukhumudwa. Mverani madokotala, musawasiyitse mankhwala alionse panokha ngakhale mutakwiya bwanji. Ndipo nonse ana mukakumane ndi wa uphungu wa majini, mukayezetse, kudziwa n'kwabwino. Ine fomu yanga yoyezetsera ili m'chikwama chaka chachitatu tsopano, ndili ndi zaka 41, dzanja likangogwedezeka pang'ono usiku umenewo sindigona.