Geji ya petulo yagona pa E mutapenta thanki? Yambani mwaona earth

Bambo wina wa ku Mufakose, mumzinda wa Harare, wandilembera imelo. Akuti Land Rover Series III yaifupi ija, imene anasiyiridwa ndi malume awo, anaitsitsa thanki, kuipala dzimbiri, kuipenta kawiri konse, n'kuikanso timphira pomangira. Chibwezereni, muvi wa geji sukuchoka pa E ngakhale athire petulo wodzaza. Akufunsa ngati apite ku Gazaland kapena ku Magaba, kumene amagulitsa zipangizo za galimoto, kukasaka sender ina, kachipangizo ka m'thanki kouza geji kuchuluka kwa petulo.

Bambo, ndalamayo muisunge kaye. Ine ndikukayikira penti wanu wokongolayo.

M'thanki muli kachoyandama kolumikizidwa ku kamkono kamene kamasintha kuchuluka kwa magetsi odutsa. Pa mageji a Smiths ngati anuwa, thanki ikauma sender imapereka ma ohm (muyeso wa mmene chinthu chikutchingira magetsi) opitirira 200, ikadzaza amatsika osafika 40. Koma magetsiwo akachoka ku geji n'kulowa mu sender amafuna njira yobwererera ku batire, imene timati earth, ndipo pa galimoto zambiri zakale njirayo ndi chitsulo cha thanki chimene, kudzera m'mabawuti mpaka ku chasisi. Inu mwatseka njirayo ndi penti komanso mphira. Geji ikungoona ngati ma ohm achuluka zedi, ndiye ikuti mulibe kanthu. Pa Chevrolet zakale za 0 mpaka 90 ohm, vuto lomweli limaponya muvi kupitirira F, mwini wake n'kumayenda monyadira mpaka galimoto kuzima pamsewu.

Kuyesa kwake n'kosavuta, ndipo inu muli ndi mwayi poti thanki ili pansi pa mpando wa dalaivala. Zulani waya wobiriwira wa mzere wakuda pa sender, mutsekule kiyi, mumukhudzitse pa chitsulo choyera cha chasisi, kutali ndi pakamwa pa thanki. Muvi ukayamba kukwera pang'onopang'ono, geji ndi waya zili bwino. Muchotse wayayo msanga muvi usanafike kumapeto, mageji amenewa amayenda ndi kutentha ndipo amapsa. Kenako bwezani wayayo, mutenge wina wamfupi, mbali ina pa chivundikiro cha sender, ina ku chasisi. Geji ikadzuka, mlandu watha.

Pokonza, chotsani batire kaye. Mangani waya wakuda pa kabawuti ka sender kapena pa kadzino ka earth ngati kalipo, mbali inayo pa bawuti ya chasisi yopalidwa ndi sandipepa mpaka kuwala, pamwamba mupake girizi. Musadalire bodi, ndi ya aluminiyamu ndipo pamene imakumana ndi chitsulo pamachita chiufa choyera chosadutsa magetsi. Ndipo chonde, osabowola kapena kuwotcherera pa thanki. Yopanda petulo ndiyo yoopsa kwambiri, chifukwa mpweya wotsalamo ndi umene umaphulika.

Muvi ukapanda kusuntha poyesa koyamba paja, suzumirani kuseri kwa sipidomita. Pali kabokosi kotchedwa voltage stabiliser kamene kamapatsa mageji mavoti 10. Kakafa, geji ya kutentha kwa injini nayonso imagona. Kakangotaya earth, onse awiri amaonetsa mopitirira.

Zonsezi zikakhala bwino koma muvi uli pansi, tulutsani sender mugwedeze kachoyandama pafupi ndi khutu. Mukamva petulo akukhuchumuka mkati, kabooka ndipo kakumira. Apo ndiye nyamukani wa ku Magaba, koma mutenge multimeter, kachipangizo koyezera magetsi, muyeze sender musanalipire.