Kodi mwala umamva?

FUNSO: Ndinamva pa wailesi kuti akatswiri ena a filosofi amati chilichonse chimazindikira, ngakhale mwala, ndipo ganizoli amalitcha panpsychism. Kodi akutanthauza kuti mwala umaganiza? Nanga zikusiyana pati ndi kukhulupirira mizimu ya m'mitengo ndi m'mapiri? Mphunzitsi, Dedza

YANKHO: Ayi aphunzitsi, sakunena kuti mwala umaganiza kapena kuti muli mzimu woti n'kuupembedza. Dzinali ndi la Chigiriki: pan ndi "zonse", psyche ndi "maganizo".

Nkhani imayambira mu ubongo, momwe muli maselo otumiza uthenga pafupifupi 86 biliyoni. Chala chikapsa ndi moto, dokotala atha kulondola uthengawo mpaka kumutu. Koma kulondolako sikutiuza chifukwa chake pamakhala munthu womva kuwawa, m'malo moti uthenga ungodutsa ngati magetsi m'waya. Funso limeneli ndi lomwe katswiri wa filosofi David Chalmers analitchukitsa mu 1995.

Mu 1927 katswiri winanso wa filosofi, Bertrand Russell, anaona kuti fizikisi imangofotokoza zimene chinthu chimachita, monga kukoka, kukankha ndi kulemera, koma imakhala chete pa chimene chinthucho chili mwa icho chokha. Akatswiri okhulupirira panpsychism monga Galen Strawson ndi Philip Goff wa ku yunivesite ya Durham amadzaza mpata umenewu: amati tizidutswa ngati elekitironi tili ndi kakumva kochepetsetsa, kopanda ganizo, kukumbukira kapena mantha. Ambiri a iwo amati mwala ndi mulu chabe wa tizidutswa totere, osati womva mmodzi.

Apa ndi pamene ganizoli limatsimphina, ndipo katswiri wa za maganizo William James anaonapo kale mu 1890. Anthu 16 akakwera minibasi, aliyense amamva njala yake. Sipabadwa wachi 17 womva njala ya onse pamodzi. Nanga timakumva ta maatomu tingasonkhane bwanji n'kukhala inuyo mmodzi? Palibe wayankha mokhutiritsa.

Zakuchipatala nazo zimafunsa molimba. Munthu akagonekedwa ndi mankhwala pokachitidwa opaleshoni, maatomu a ubongo wake amakhala omwewo, koma kuzindikira kumazima. Komanso gawo la ubongo lakunkhongo lotchedwa cerebellum lili ndi maselo pafupifupi 69 biliyoni, ochuluka kuposa ubongo wonse wotsala, komabe likavulala munthu amadzandira poyenda koma amazindikirabe. Choncho chofunika si kuchuluka kwa tizidutswa, koma mmene talumikizirana. Katswiri wa za ubongo Giulio Tononi anamanga chiphunzitso chake cha kuzindikira pa mfundoyi mu 2004, ndipo mu 2023 akatswiri oposa 100 anasaina kalata yoti chiphunzitsocho si sayansi yeniyeni.

Ifeyo tikuona kuti funso limene panpsychism ikulimbana nalo ndi lenileni, losafunika kulipeputsa m'kalasi. Koma ophunzira anu muwauze poyera kuti palibe chipangizo chilichonse chimene chingayeze ngati elekitironi imamva kapena ayi.